Woperekeza Amene Sitinamubweze

Mualadzi,
14 Novembro 2024

Okondedwa akulu anga a Talandira,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete kumeneko, inu, alamu ndi ana. Ndasankha kalata chifukwa pa telefone mukanandiseka ndisanafike pakati pa nkhani.

Kasupe wathu wa m'tsinde mwa phiri wauma. Ndinakuuzani kale kuti madzi ake akhala akuchepa chaka ndi chaka. Mwezi watha anatheratu. Tsopano tikukatunga kumtsinje, ulendo wa maola awiri, ndipo mabanja atatu ayamba kukamba zosamuka.

Tsiku lina ndinakhala pakasupepo ndi chidebe chopanda kanthu, ndikukalipira matope. Chule wina wowonda anasuzumira mumng'alu nati, "Mukukalipira nyumba mwini wake kulibe." Mumandidziwa akulu, chidwi changa chimaposa mantha. Ndinamufunsa kuti mwini wake ndani. Anati ndi a Mwinikasupe, mulungu wamng'ono wa malo ano, amene anatiperekeza mpaka kumalire a ku Cassacatiza pothawa nkhondo mu 1987 ndipo sanabwerenso. Zaka zonsezi takhala tikumwa madzi amene anasiya mumtsuko.

Ndinakauza a Nikodemo, akatekista athu, poyesa kuti andipempherera. Iwo anapsa mtima, nati Mulungu ndi mmodzi, ndipo anditenga okha panjinga mpaka ku Cassacatiza kuti ndikadzionere kuti kulibe kanthu. Tinanyamuka atatu: iwo akupalasa, ine pakaliyala, chule m'chigubu chodula kukamwa. Masiku awiri panjira, awiriwo sanaleke kukangana. A Nikodemo akatchula katekisimu, chule ankayankha kuti, "Wamkuluyo timamudziwa, abambo. Ife ndife antchito ake a kumadzi chabe." Koma pa chitunda china ndinawaona a Nikodemo akuthira madzi awo akumwa m'chigubumo, akuyesa kuti ndayang'ana kumbali.

A Mwinikasupe tinawapeza pafupi ndi malire, patsinde pa mkuyu, pamene makamiyao, magalimoto a katundu aja, amaima. Ndinkayembekeza chinthu choopsa, koma inali nkhalamba yaifupi, ya jekete lakutha, itaima chilili kuyang'ana ku Zambia. Pamene inaponda panali ponyowa, ndi udzu wobiriwira kuzungulira mapazi ake okha. Ogulitsa nthochi ankangoidutsa osaiona.

Ndinagwada, ndinapereka moni, kenako ndinafunsa, "Agogo, bwanji simubwerera kwanu? Anthu tikufa ndi ludzu."

"Simunandibweze," anatero. "Woperekeza sabwerera yekha. Amadikira wapaulendo amuuze kuti, 'Bwererani pano, mwatiperekeza.' Amayi ako anawoloka akuthamanga, iwe uli kumsana, ndipo sanacheuke."

Ndinachita manyazi, akulu. Mwambo woti ngakhale mwana amaudziwa, ife tinauiwala chifukwa cha kulira kwa mfuti, ndipo nkhalamba yaima pamsewu zaka makumi atatu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Pomwepo ndinanena mawuwo mokweza. Iwo anangomwetulira.

"Iwe ulendo wako unatha kalekale, unandidutsa pano pobwerera kwanu. Amayi ako anagona komweko. Watsala mmodzi amene sanafike ndipo sanabwerere, mtsikana uja anasenza mphika ndi mphasa."

Akulu, ndinu.

Akuti njira ndi ziwiri. Mukhoza kufika pamkuyupo, n'kuwauza kuti abwerere chifukwa inu munafika, kwanu ndi ku Katete. Kapena mukhoza kudutsa pomwepo mukubwera kwathu, iwo adzatsata pambuyo panu mpaka pakasupe. Zonse ziwiri zibweretsa madzi. A Nikodemo atamva izi anavula chipewa. Pobwerera anati mwina ndi mngelo, chule nati, "Atchuleni mmene mungafunire, bola madzi."

Tsopano ndiulule. Kalatayi ndinaiyamba masiku asanu ndi anayi apitawo, n'kuibisa m'thumba la mbewu. Anzanga akutupa miyendo ndi ulendo wa kumtsinje, ine ndikudziwa mankhwala ake koma ndakhala chete. Ndikuopa. Chaka chilichonse mumati, "Chaka chamawa ndibwera," ndipo ine ndimalima munda wanu wa pachulu ngati mwini wake ali panjira. Mukakanena kuti "bwererani", ndidzamwa madzi ndithu, koma ndidzadziwa kuti mwandibweza ndi ine ndemwe. Sindikukuimbani mlandu. Muli ndi banja, ndipo manda a amayi ali komweko.

Dzulo chule anandifunsa ngati kalata yapita. Ali m'beseni kuseri kwa chitseko, khungu layamba kutuwa. Ndinanama, ndipo iye anangondiyang'ana. N'chifukwa chake lero ndikuipereka kwa a Semu, oyendetsa kamiyao ya ku Chipata, kuti akusiyireni.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, amene kasupeyu amangomumva m'nkhani. Mukapita kumanda muwauze amayi kuti palibe amene akuwadandaula. Mkuyuwo uli kumanzere mukangowoloka malire, mudzauzindikira ndi udzu. Musankhe nokha, ine sindikukakamizani. Kungoti a Nikodemo akuti Loweruka lililonse azikhala pamenepo ndi njinga, ndipo pakaliyala ndamangapo kale chitenje chofewa.

Ndine mng'ono wanu wokudikirani,
Albina