Wogwira Mfuti Salemberedwa za Maliro

Laur, Nueva Ecija
22 Novembala 1999

Okondedwa alamu anga a Felisa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Roma, ndipo kuzizira sikunakuloweni m'mafupa. Pa foni paja tinangolira tonse awiri mpaka foni kuduka, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembereni bwinobwino.

Agogo Iluminada tinawaika Lachinayi pambali pa amuna awo. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima panja pansi pa mango. Akazi a asilikali anabwera lole yathunthu kuchokera kukampu, ena oti sindinawaonepo, aliyense ndi nkhani yake. Wina akuti anamuchezera usiku wonse pobereka, wina akuti anamuphunzitsa kolona, ndipo mayi wina wonenepa analira kuposa tonse chifukwa choti Agogo anam'lalatira atamanga katundu kuti athawe banja. Amuna anasewera makadi pamaliro monga mwa masiku onse, ine n'kumangoyembekezera kumva ndodo ya Agogo ija ikugogoda pa tebulo kuti achepetse phokoso.

Koma chimene ndalembera ndi ichi. Amuna anga, alongo anu a Dionisio, sitinawauze. Akadali kumapiri a Basilan ndi gulu lawo la asilikali, ndipo tchuthi chawo ndi cha pa Khirisimasi. Chonde mukamawalembera musatchule. Ndikudziwa mukwiya, popeza inu nonse awiri munaleredwa m'manja amenewa. Nanenso ndinakwiya, koma si maganizo anga ayi.

Kutatsala masiku ochepa kuti Agogo atisiye, m'mawa wina ndikuwapesa tsitsi, anandigwira dzanja.

"Iwe Merlita, ndikapita usakamuuze mnyamata uja."

"Agogo, mupita kuti ndi miyendo imeneyi?"

"Usandipusitse, ine si khanda. Munthu wogwira mfuti salemberedwa za maliro. Maso akadzaza misozi saona chimene chabisala patchire."

"Ndiye ndinene bodza? Mukundituma ndinu, amene simujomba Misa ngakhale kugwe chimphepo?"

"Ndani wati bodza? Umuuze za nkhumba. Nkhumbayo ilipodi, ndipo ikudyadi ngati sajeni."

Ndinaseka, kenaka ndinawauza kuti imeneyo ndi nkhanza. Apo m'pamene anandiuza za Amparo. Kodi inu munkadziwa kuti mayi anu sanali woyamba kubadwa? Ine sindinkadziwa. Kunali kamtsikana, kanamwalira ndi chikuku kasanakwane zaka zitatu, nthawi imene agogo aamuna a Anacleto anali kunkhondo ku Korea. Agogo ankakhala m'kachipinda kamodzi m'malaini a asilikali. Anaika mwana wawo mothandizidwa ndi akazi a asilikali anzawo, nabwerera kunyumba, nakhala pansi kulemba kalata yonena za mvula ndi za nkhuku zimene zayamba kuikira. Analemba choncho miyezi yonse yotsalayo. Amuna awo anatsika sitima atanyamula tinsapato tofiira m'thumba la yunifomu.

"Anatha mwezi osandilankhula," anatero Agogo. "Ndikapakula mpunga, ankadya atandifulatira. Ine ndinkangopita kutchalitchi kukakangana ndi Ambuye. Tsiku lina ndikupeta mpunga anadzakhala pambali panga, akuti, monga ankanditchulira: Luming, ukanandilembera, ndikanaimirira m'dzenje lobisalamo muja kuti adani andiwombere."

"Ndiye anakukhululukirani?"

"Kukhululuka chiyani? Anabwera wamoyo. Akanaimirira, apongozi ako sakanabadwa, Dionisio sakanabadwa, iwe bwenzi utakwatiwa ndi wogulitsa nsomba zouma wa mano awiri uja."

Alamu, mayi ameneyu anasenza zambiri osaonetsa. Anayenda makampu osawerengeka ndi poto mmodzi ndi chifanizo cha Amayi Maria chokulungidwa m'thaulo, ndipo paliponse pamene afika ankayamba wafunsa kumene kuli tchalitchi asanafunse kumene kuli madzi. Zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zisanu ndi zinayi, theka lake akudikira munthu wina pakhomo: mwamuna, kenaka mwana, kenaka mdzukulu. Ine ndadikira zaka zochepa chabe koma ndadandaula kale kuposa iwo. Ndawasowa kwambiri.

Tsono dzulo linali Lamulungu. Mukudziwa kuti a Dionisio akatsikira m'tauni amaimba foni ku golosale ya a Tolentino Misa ikatha, ndipo Agogo ankawapempherera pa foni pomwepo, mokweza, ngati kuti Mulungu ndi amene ali kutali. Ndinapita ndikulakalaka asaimbe. Foni inalira.

"Mayi a Perla! Muli bwanji kumeneko? Nanga nkhalamba yanga ili kuti? Ipatseni foni msanga isanayambe kunditchula wachikunja."

"Tili bwino, bambo a Perla. Nkhumba ija yaswa. Kamwana kamodzi ndi kakuda bii, Perla wakapatsa dzina lanu."

Anaseka. "Mwana wopanda ulemu, watengera mayi ake. Zikomo za nkhumbazo. Agogo?"

"Lero sabwera pa foni," ndinatero. "Ndikupemphererani ndine."

Ndinkangomva njinga zamoto zikudutsa mbali yawo. Ndinatseka maso n'kunena mawu aja monga ankawanenera eni ake: "Ambuye, muyende patsogolo pake, mukhale kumbuyo kwake, ndipo mum'bweze kwathu ndi miyendo yake yomwe."

"Amen," anatero. "Munawaveka diresi yobiriwira ya pa Pasaka ija?" Ndisanatsegule pakamwa anandidula. "Ayi, ayi. Musayankhe. Ndidzafunsa pa Khirisimasi. Mawa tikukwera phiri. Pitirizani za nkhumba zija, mayi a Perla. Zikuyamwa bwino?"

Ndinawauza kuti zikuyamwa bwino. Ndinawauza za khola, za madeya, za denga lodontha, misozi ikugwera pa kauntala, a Tolentino atatembenukira kukhoma kusanja zitini zosanjidwa kale. Tinalankhula choncho mpaka anzawo anawaitana.

Ndiye mukuona, alamu, akudziwa, koma asankha kusadziwa mpaka atatsika phirilo. Tiyeni tiwathandize. Muwalembere za chisanu, za nkhalamba yovuta imene mukuisamalira pantchito kumeneko, za chilichonse. Tsiku la makumi anayi chimwalirire Agogo muyatse kandulo kumeneko, ife tidzayatsa kuno. Kolona ya Agogo ndakusungirani.

Akupatsani moni Perla, akuti musaiwale chidole. Akupatsani moni a Tolentino ndi amayi a kwaya. Pano m'pamene Agogo ankandilanda cholembera kuti afunse okha ngati mukudya mokwanira komanso ngati munapita ku Misa. Ndafunsa ine m'malo mwawo, muyankhe zoona.

Ndipo mutipempherere, alamu, kuti alongo anu abwere adzafunse funso lawo lija. Yankho ndili nalo: inde, tinawaveka yobiriwirayo.

Ndine mlamu wanu wokukondani,
Merlita