Ndasiya Mgodi, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Ndine Lazalo. Musadabwe kuti kalatayi sikuchokera ku Kitwe. Ndikulembera pakhonde panu, kwathu kuno ku Vubwi. Ndinabwera, Amayi, kubwereratu.

Titakuikani m'manda ndinabwerera kumgodi, koma chifuwa chinayamba kundivuta ngati mmene chinkavutira Atate. Ndinakumbukira kuti iwo anatisiya penshoni yawo asanailawe n'komwe. Zaka zanga zopumira pantchito zinali zisanakwane, ndipo a ku ofesi anandichenjeza kuti ndikatenga msanga ndalama zimene ankandisungira, adulako, komanso ndikadzakalamba sindidzalandira kanthu pamwezi. Ndinasaina ndithu.

Mpongozi wanu Tisauke ankakana kubwera kumudzi, ndipo anadandaula mpaka basi itadutsa pa Sinda. Ankaopa kuti mvula ikakana, anawa tidzawadyetsa chiyani. Sankalakwa, nanenso mantha ndinali nawo.

Ku Katete ndinagula ng'ombe ziwiri, pulawo ndi ngolo. Ng'ombe ina ndi yamakani, moti ana anaitcha Kapitawo. Tsiku loyamba kulima inandikoka n'kundigwetsa chafufumimba mumzere, ine munthu woboola miyala pansi pa nthaka! Mudzi wonse unaseka mpaka misozi. Ndikusasa dothi ndinakumbukira mawu anu aja akuti wosekedwa m'munda amadzasekera pankhokwe.

Chimanga chitafika m'mawondo mvula inadula, masamba n'kuyamba kupotana. Masiku amenewo ndinkaopa kuyang'ana Tisauke kumaso. Kenaka inagwa, Amayi, yamphamvu, ndipo tonse awiri tinaima pabwalo kunyowa dala ngati ana. Lero nkhokwe yanu yadzaza, tamanganso ina pambali pake. Nshawa, mtedza wathu uja, nazo zachita bwino. Tisauke amene ankakana kubwera uja ndiye akuyendetsa ngolo kupita nazo kumsika wa kumalire, ndipo Kapitawo amamvera iye yekha, ine ayi. Chifuwa chija chaleka kundidzutsa.

Mdzukulu wanu Esinati, amene munkamubereka kumbuyo popita kudimba, wabereka mwana wamwamuna. Makutu ake ndi anu enieni, ndipo akayamba kulira salekeza. Timavuto sitilephera. Sopo ndi mchere zikusowa m'masitolo, denga la khitchini likudontha, ndipo mbuzi za aneba zadya kamtengo ka mango kamene munadzala. Katulutsanso masamba, musadandaule.

Dzulo ndinamva kuti mng'ono wanu, Amayi aang'ono a Velina, atsala okha kutsidya kwa malire, ndipo maso awo akuchita khungu. Munkati nyumba imachepa ndi katundu, siichepa ndi anthu. Ndikadakhala kumgodi ndikadangotumiza bulangete. Tsopano nthawi ndili nayo, ngolo ndili nayo. Ndikulonjeza kuti ndikamaliza kututa thonje ndikawatenga, adzagone m'chipinda chanu, ndipo sadzatunganso madzi okha.

Mundiperekere moni kwa Atate.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lazalo