Mtsuko wanu sutuluka m'nyumba muno

Amayi, mukudzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Biriwiri kachewere wachita bwino, ndipo mlamu wanga wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Koma nkhani yaikulu ndi ya abambo.

Titangokuikani m'manda, abambo anayamba kuonda. Madzi ankamwa ndowa yathunthu, kukodza kosalekeza, mpaka nyerere zinkaunjikana pomwe akodza. Mng'ono wanu Nachisale, dokotala wamkulu wa mudzi uno amene sadziwa ngakhale komwe khomo la chipatala linaloza, anagamula msanga kuti ndi mdulo. Akuti ine ndinathira mchere m'ndiwo zawo ndili kumwezi. Anandinyoza pamaso pa anthu, n'kundiletsa kuwaphikira, iye n'kumawamwetsa mizu yosakaniza ndi uchi. Uchi, amayi! Munkati safunsa anadya phula, koma uyu phulalo anadyetsa mlamu wake.

Atafookeratu ndinawakweza minibasi osatsanzika munthu. Kuchipatala ku boma anapeza shuga. Anesi anandiuza kuti si wa mapiritsi uja wa azigogo ambiri. Ndi mtundu womwe anthu amati ndi wa ana, koma umagwiranso waimvi: thupi lasiyiratu kupanga insulini, yomwe imatsitsa shuga m'magazi. Ndiye ndi jakisoni tsiku ndi tsiku, moyo wonse. Tikalekeza, tikumbanso manda pafupi ndi anu.

Mankhwalawo safuna kutentha, ndipo firiji tilibe. Ndimawasunga mu mtsuko wanu wobenthuka pakamwa uja, mu mchenga wonyowa, monga anandilangizira anesi.

Dzulo Nachisale anabwera. Mukuganiza kuti kudzapepesa? Anadzatenga gawo lake la katundu wa malemu, ndipo diso lake linagwera pa mtsukowo. Akuti munthu wamkulu sabayidwabayidwa ngati mwana wa kusikelo, ndingotaya timabotolo ta mankhwalawo. Ndinamuyang'ana, ndipo ndikuuzeni zoona, ulemu wonse munandiphunzitsa unandithera. Zitenje zanu ndinamupatsa, mbale ndi sefa yomwe, akatchene nazo ku Lizulu. Pa mtsuko pokha ndinaimapo mpaka anatuluka.

Mundikhululukire, ndi m'bale wanu, koma ndimanyansidwa naye.

Ndakusowani kwambiri, amayi. Ndikulonjeza kuti amuna anu sabwera kumeneko msanga, muyambe mwadikira. Lero ndiwo ndathira mchere ndi dzanja langa lomweli, ndipo apempha zoonjezera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati