Mulu wa Nsapato

Lolemba, 3 Juni 2024

Kuno ku Ludzi, kwa Benedicta, mwana wa malemu mkulu wanga. Ndachokako ku Mtima Umodzi. Ndinalowa m'mudzi wa mpingo umenewu ndili ndi mano onse, ndatuluka ndi am'mbali okha, ndi jumbo ya zovala.

Kumeneko zonse n'zathu. Munda umodzi, nkhokwe imodzi, thumba la ndalama limodzi kwa Mbale Mateyo. Belu kudzuka, belu kudya, amuna uku akazi uku, osayankhula. Osayankhula ine, amene Mulungu anandipatsa pakamwa ngati chigayo. Atandiletsa kusimbira ana nthano, akuti n'zachikunja, ndinati basi. Amuna anga anatsogola kale kumanda, ndidikiranso chiyani.

Lero njala mpaka dzuwa kupendeka. Kudikira belu. Benedicta pochokera kokumba mtedza wandipeza ndili khale pambali pa dengu la mbatata. Akuti amayi, kuno belu ndi mimba yanu.

Kulemba ndinaphunzirira pa matumba a feteleza ndi buku la nyimbo. Woti awerenge palibe, zilembo zikhote mmene zifunira.

Lachitatu, 5 Juni

Kuzizira. Ndinaona jekete pamsomali, ndavala, ulendo kumjigo. Lofunda bwino. Pobwera, a Zakeyu, amuna a Benedicta, ali kuseri kwa nkhokwe ndi kamalaya kokha, mano gwedegwede. Mkamwini angauze bwanji apongozi kuti vulani? Anangotsokomola. Ine ndinati chifuwa, ndawawiritsira mandimu. Mandimuwo ndinathyola kwa aneba, amake Princess.

Benedicta wandikhazika pansi ngati mwana. Jekete lili ndi mwini. Khasu lili ndi mwini. Mtengo wa mandimu uli ndi mwini. Ndamufunsa ngati mthunzi wake ulinso ndi mwini. Sanaseke.

Lamulungu, 9 Juni

Mapemphero a mphakati kutsidya kwa dambo. Pakhomo mulu wa nsapato. Mtima unakhala pansi, ndinati apa pokha akuchita mwaumunthu.

Ku Mtima Umodzi nsapato zonse zimagona pamulu, pakhonde la nyumba yodyera. Wofika msanga ndiye amapeza zofanana. Ine wochedwa ndi macheza, moyo wanga wonse zamanzere ziwiri, n'chifukwa chake poyenda ndimakhotera ku Zambia.

Lero ndinati sindichedwa. Ameni ali m'kamwa mwa anthu, ine ndili panja. Zofiira. Zofewa. Zofanana. Ndayenda ngati namwali, ndinadzera dala pagolosale.

Zinali za amake Princess, mwana wawo wamkulu anawagulira ku Chipata. Iwo awoloka dambo ndi masilipasi a Benedicta amene ndinasiya aja, limodzi lomanga ndi waya.

Lolemba, 10 Juni

Wakuba. Ndamva ndi makutu anga pamjigo. Ine Consolata, amene sindinabisepo ngakhale njere ya mtedza m'tsaya. Ndabweza, ndagwada. Amake Princess anangoti, "Mukanapempha, agogo." Kupempha chinthu choti chili pomwepo, chikungokuyang'ana?

Ndalira kuseri kwa bafa.

Madzulo a Zakeyu ayankhula ndi mkazi wawo mokweza, nkhope kukhoma, kuti ine wa kuchipinda ndimve. Akuti mbuzi yokulira pachingwe ukaimasula imadya minda ya eni. Atumiza mawu ku Mtima Umodzi kuti adzanditenge. Benedicta sanatsutse kwenikweni. Akuti mwina n'kwabwino, amayi, n'kumene munazolowera.

Mwina. Koma kukakhalanso duu pa benchi, nthano zikuwira m'mimba ngati thobwa.

Lachisanu, 14 Juni

Masiku onsewa sindikhudza kanthu ndisanafunse. Chikho ichi n'cha yani, mpando uwu ngwa yani, nanga tsache. Dzulo ndinadzutsa Benedicta kumufunsa za chimbudzi.

Lero wagulitsa ndowa ya mtedza, tapita ku Boma. Pa kaunjika, mulu wa nsapato wofika m'chiuno. Manja anayamba okha. Benedicta anandigwira mkono mpaka kundisiyira zikhadabo.

Wagula zabuluu, zazingwe. Akuti izi n'zanu, zanu nokha. Ndinati nanga iwe ukazifuna? Akuti sindizifuna. Nanga Princess? Akuti mumukanize. Kukaniza kwathu ndi tchimo lokaulula pamaso pa mpingo wonse.

Ndalamayo inali ya sopo ndi mchere. Ndiwo lero zozizira, a Zakeyu adya zomwezo. Manyazi.

Ndagona nazo kumutu. Sindikudziwa kuti munthu amatani nacho chinthu chake.

Lachitatu, 19 Juni

Zandizolowera. Yakumanja yadziwa chala changa chopindika chija, yachisiyira malo. Nsapato ya pamulu sidziwa munthu.

Masana posenda mtedza ndasimbira Princess ndi anzake za tsiku limene bulu anakhula msana pa belu, mpingo wonse n'kudya kawiri. Amake anakhala chapatali ngati akupeta, lichero lili chilili.

Mawu abwera. Akudzanditenga Loweruka.

Loweruka, 22 Juni

Watumidwa ndi Mlongo Temwani, mnzanga wa mtondo umodzi, mpango wakuda wamadontho uli kumutu. Tinakumbatirana, tinalira. Akuti malo anga pa benchi alipobe, ndingokalapa ndi kusunga pakamwa. Akuti kuno aliyense ndi mphika wake, ndikadzadwala adzandifunsa kuti mankhwala ngayani. Akuti chichokere ine, posinja pamangomveka minsi.

Ndinavomera. Ndinalongedza jumbo. A Zakeyu anapha nkhuku ya kutsanzikana, sindinawaonepo akuthamanga chotero.

Titadya, Temwani anatsogola kukaitana kabaza kumsewu. Lero pamulu sanachedwe. Ine potuluka, pakhomo zamanzere ziwiri zimene anabwera nazo. Zabuluu zili kumapazi a Temwani, akutsetsereka uko, akuyenda ngati namwali.

Sanalakwe. Ndiwo mwambo, ine ndemwe ndinamuphunzitsa ali mtengwa. Koma chinachake chinakwera kuchokera kuzidendene, ndisanachifunse n'cha yani chinali chitatuluka.

"Temwani! Nsapato zanga!"

Mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinathamanga mapazi okha, minga osaimva. Ndinamupeza pa mizere ya mbatata, tonse pansi khu, ndinamuvula imodzi imodzi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'pemphero. Anangoti, "Consolata, wawonongeka." Ndinati eya, zikuoneka.

Princess anamubweretsera zake zija. Wapita yekha, akukhotera ku Zambia. Ndinamuyang'ana mpaka anabisika ndi mabulugama. Pamenepo sindinaseke. Ndikanamugulira zake, koma zikangogona pamulu, mawa wavala wina.

Amake Princess anaseka mpaka kukhala pansi pa fumbi. Akuti munthu wothamangitsa mnzake chifukwa cha nsapato ndi wa m'mudzi muno, palibe komutengera. Anditumizira mandimu, osapempha.

Jumbo ndamasula. A Zakeyu, nkhope kukhoma, auza Benedicta kuti nkhuku ija yafa ulele. Pang'ono n'kuwonjeza kuti awauze amayi asamasiye nsapato panja, kuli akuba.

Kukuzizira. Jekete lili pamsomali, likungondiyang'ana. Ndikupita kukapempha, kudzera kwa Benedicta, nanenso nkhope kukhoma.