Tsitsi Limene Munandisiyira

Amayi, muli bwanji kumene muliko? Pepani kuti ndikukusokonezani pa mpumulo wanu. Mukudziwa kuti sindine wolankhulalankhula, ndipo sukulu ndinalekezera panjira, koma nkhaniyi ndilibe wina woti ndimuuze.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Achemwali anabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Chimanga chinachita bwino ku munda wa kumtunda, koma munda wa kudambo kulibenso. Aboma anakhoma zikhomo, kenako kunabwera mathirakitala, ndipo pamene munkadzala maungu padutsa msewu wa phula wopita ku likulu latsopano. Mabanja ambiri anakwezedwa m'malole kupita kumalo amene anapatsidwa. Zatsala nyumba zochepa zozungulira dziwe, ndipo amalume akuti sasuntha ngakhale atabwera ndi apolisi. Mbuzi yanu yamawanga ija inagundidwa ndi lole ya mchenga. Tinaidya, koma sinakome.

Ine ndili pa ntchito ku Area 10, m'nyumba ya abwana amene asamuka kuchokera ku Zomba pamodzi ndi ofesi yawo. Ndimachapa ndi kusita. Adona si oipa mtima, koma amandifunsa chifukwa chake duku langa limakhala lonyowa nthawi zonse. Ndimangoyang'ana pansi. Ndingawauze bwanji?

Amayi, tsiku lometa maliro anu munaliona, kapena munali mutapita kale kutali? Tonse tinakhala pamphasa. Amalume anameta achemwali, anameta ana, anameta ngakhale azakhali amene sanabwere n'komwe kudzakudwazikani. Lumo litafika pa ine, anandidumpha. Anati, "Uyu ayi. Mvula ya mayi wake yakhala pamutu pakepa." Basi. Palibe amene anandifunsa. Onse anadzuka pamphasapo maliro atawathera. Ine ndekha ndinadzuka nawo, ndipo mpaka lero ndawasenza.

Sindikunena kuti ndi bodza. Ndikanakonda likanakhala bodza. Kuyambira tsiku lija tsitsi langa siliuma, monga mmene linalili lanu. Ndikalimasula kuseri kwa nyumba kuti ndilipese, mitambo imasonkhana pamwamba pa mpanda, ndipo kapinga wa abwana ndi wobiriwira kuposa wa nyumba zonse mumsewu muno. Koma anthu amayamikira agadeniboyi. Munkakonda kunena kuti, "Mtsuko sumwa madzi ake." Ine ndinkayesa mukunena za mtsuko.

Tsopano nkhani imene ndakulemberani. Pali mnyamata, dzina lake Saidi. Ndi telala, amasoka pakhonde la sitolo ku Area 2, pafupi ndi msika. Adona anandituma kukapinditsa makatani, ndipo ndinabwererako kangapo makataniwo atatha kale. Ndi Msilamu. Amandiseka kuti ndikamalankhula ndimauza zala zanga za kumapazi. Tsiku lina madzi anadontha m'duku langa n'kugwera pa nsalu ya eni ake, ndipo ndinamuuza zonse, ndikuyembekeza kuti athawa. Iye anangopukuta nsaluyo n'kunena kuti, "Nanga khosi silikupwetekani, aEsinati?" Amayi, funso limenelo palibe amene anandifunsapo. Inu alipo anakufunsani?

Saidi anatuma amalume ake kumudzi kudzandifunsira ndi ulemu wonse. Akwathu sanawapatse ngakhale mpando. Akuti mkazi wa dziwe, wosunga mvula ngati ine, sakwatiwa ndi mlendo, mwamuna wake amasankha ndi akuluakulu, monga anakusankhirani inu abambo anga. Ine andisankhira aChimbalanga, amene mwana wawo woyamba ndi wamkulu kuposa ine. Akuti ndibwerere dzinja lisanayambe, ndikalowe m'kanyumba kanu kaja ka m'mphepete mwa dziwe, ndisadzawolokenso mtsinje wa Lingadzi.

Ndinawafunsa amalume funso limodzi: mvulayo izigwera munda wa yani? Minda anatenga. Ndikhale moyo wanga wonse ndikunyowetsa phula ndi malata a maofesi? Anayankha kuti tauni yandilowa m'mutu. Koma inu ndinakuonani. Ndinaona khosi lanu likupindika chaka ndi chaka, chifuwa chosatha chija, ndi mmene munkayang'anira amayi anzanu akupita ku msika mitu ili yopepuka, akuseka. Pamaliro anu anthu ankalira mvula, osati inu. Ndinawamva ndi makutu angawa akufunsana kuti, "Nanga chaka chino tidzala bwanji?"

Inunso ndili nanu mawu, pepani. Munkadziwa kuti zidzagwera ine. Munkandiluka pakhonde, mukuyeza tsitsi langa ndi chala, osanena kanthu. Bwanji simunandichenjeze? Bwanji simunanditumize kutali ndili mwana? Kodi munkaopa amalume, kapena munkaganiza kuti poti inu munapirira, nanenso ndipirire?

Mantha ndili nawo, sindibisa. Achemwali akudalira munda wa kumtunda uja, ndipo khanda lija lidzafuna phala. Ndikameta, mwina mvula idzadukadi, ndipo njalayo idzatchedwa dzina langa. Saidi sandikakamiza. Sizasi yake anainola n'kuiika m'dilowa ya makina, ndipo akuti ikhala momwemo mpaka nditaipempha ndekha.

Amalume akubwera kudzanditenga Loweruka. Kalatayi ndikaiponya mu Lingadzi, poti munkati madzi onse amadziwana. Lachisanu masana ndidzakhala pakhonde la Saidi, ndidzavula duku anthu a mumsika akuona, koma chipeso sindidzachigwira, kuti yankho lidzakhale lanu, osati langa. Ngati mukufuna ndisenze zimene munasenza, mudzagwetse dontho limodzi lokha lochokera kumwamba pa dzanja langa. Ndikulonjeza kuti ndidzapita kudziwe osatsutsa, ngakhale sindidzakukhululukirani msanga. Koma kumwamba kukadzakhala mbee, ndidzapempha sizasi ija, ndipo maliro anu adzatha tsiku lomwelo.

Munakhala chete moyo wanu wonse, Amayi. Chonde, ulendo uno yankhani msanga.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale mtima ukuwawa,
Esinati