Gitala la Laisoni Lang'aluka

Amayi,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Kuno tadzuka, ngakhale kuti ine kudzuka kwake n'kogwira khoma. Maondo aja munkati ndi a kubanja kwa atate andipeza, ndipo mapiritsi akuchipatala amangowanyengerera mpaka masana. Ndakhala pakhonde lakumbuyo, pampando wanu wa ndalema uja, kuti ndikuuzeni za kumudzi kuno.

Ndiyambe ndi zabwino. Tiyamike, mdzukulu wanu wokwatiwa ku Bwanje uja, anabereka mwana wamkazi m'mwezi wa Julaye, ndipo amutcha dzina lanu, Elesi. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amatseka maso monga munkachitira inu munthu akayamba bodza. Mpunga wawo unachita bwino. Amuna ake anatibweretsera thumba panjinga, kukwera nalo chitunda chonse chija thukuta lili kamukamu. Chimanga changa ndiye ayi. Mvula inadula chikumasula, ndipo ndinapeza ngolo imodzi ndi theka m'munda umene inu munkapezamo zitatu. Mtengo wa mango wa kuseri kwa bafa unagwa ndi mphepo. Ndikudziwa kuti mukundiseka kale, poti munkakonda kunena kuti, "Elube, iwe ungawerenge ndi mpunga womwe m'mbale." Sindinasinthe. Uphunzitsi wa masamu ndinausiya kalekale, koma masamuwo sanandisiye.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wanu Laisoni. Anabwerako ku Joni patatha chaka titakuikani m'manda. Mawu anu omaliza aja ndinawasunga. Munati, "Mlongo wako akadzabwera usadzamufunse kanthu, udzangomutenthetsera madzi osamba." Sindinamufunse kanthu. Anatsika basi pa Nsipe ndi kachikwama kamodzi, atagwira phewa la munthu wachilendo amene anamumvera chisoni panjira. Shuga anamudya maso, Amayi. Zaka zonse zija za m'mafamu zinatsala komweko, pamodzi ndi mkazi amene sitinamuonepo.

Ndinamupatsa chipinda chanu. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali kukhala pakhonde atayang'ana kukhoma. Chakudya ankangochigwira pang'ono n'kukankha mbale. Anzake akale akabwera ankayankha moni basi. Achibale atamuuza kuti amuperekeze kumanda kwanu, monga amachitira munthu amene sanakhale nawo pamaliro, anati, "Ndikaonako chiyani?" A kuchipatala anandichenjeza kuti mankhwala a shuga safuna munthu wosadya, ndipo ine ndinkaona lamba wake akusowa bowo lobayapo. Ndinkaopa kuti ndimugoneka pafupi ndi inu ndisanamve n'komwe kuseka kwake.

Tsiku lina ndikusankha nyemba ndinayang'ana dzanja lake lamanzere. Zala zinkayenda pamkono wa mpando, kudina apa, kudina apo, kubwereranso poyamba. Ndinakumbukira gitala limene atate anabwera nalo kuchokera kumigodi. Laisoni analidziwa kuimba asanadziwe kulemba dzina lake. Mukukumbukira tsiku limene munalipereka, atate atamwalira, pamodzi ndi jasi lawo, kusinthanitsa ndi mwana wa ng'ombe kwa bambo uja wa ku Kandeu? Munati, "Gitala silibereka." Munanena zoona, ndipo khola limenelo ndi limene linatiphunzitsa sukulu. Koma Laisoni anatsatira bamboyo akulira mpaka kumtsinje, ndipo inu munakamubweza ndi kamtengo.

Ng'ombe zinali zitatsala ziwiri, Amayi, zidzukulu za mwana wa ng'ombe yemwe uja. Ndinazigulitsa. Musatseke maso, ndimvereni kaye. Mphamvu zoziyang'anira ndinalibenso, ndipo pakati pa ng'ombe ndi mlongo wanga panalibe masamu ovuta. Ndinaimbira foni Chikumbutso, mwana wanga amene akugwira ntchito ku Joni, kuti akandigulire gitala. Iye anati, "Mayi, otchipa aliko ambirimbiri. Amalume saona, adzadziwa bwanji?" Ine ndinati, "Saona koma amamva. Ukagule la thabwa lenileni, osati la pulayi." Atandiuza mtengo wake ndinayamba ndakhala pansi, n'kumuuza kuti abwerezenso. Anabwereza, mtengo sunasinthe, ndinamuuza kuti agule. Pomaliza anati, "Koma mulisamale, lisakhale ponyowa."

Linafika pabasi lili m'bokosi lakelake lakuda, lokhala ndi kiyi, m'kati muli nsalu yofewa ngati ya m'bokosi la maliro a munthu wolemera. Nditatsekula, nyumba yonse inanunkhira ngati mopalira matabwa a mkungudza. Kutsogolo kwake thabwa loyera, kumbuyo lofiirira, losalala moti ndinadziona nkhope. Ndinangoliika pamiyendo pa Laisoni. Analisisita khosi, analisisita mimba, anawerama n'kununkhiza pabowo paja. Anachedwa akuchuna nsambo, khutu ataligunditsa pathabwa. Kenako anakhudza nsambo yaikulu ndi chala chimodzi. Liwu lake linakhala m'nyumba ngati la belu lakutchalitchi, ndipo ndinawerenga chamumtima mpaka khumi ndi zinayi lisanazime. Tsiku limenelo Laisoni anamaliza chakudya chonse n'kupempha tiyi.

Apa ndi pamene ndinaonetsa kuti ndine mwana wanu weniweni. Mukudziwa mbale zadothi khumi ndi ziwiri zamaluwa zija, zimene atate anabwera nazo m'bokosi lawo lachitsulo. "Zimenezo n'za alendo," munkatero, ndipo alendo ake sanafike mpaka inu munapita. Inenso ndikayang'ana gitala lija ndinkangoona ng'ombe ziwiri. Ndinaika malamulo. Azisamba m'manja asanaligwire. Aziimbira m'nyumba, chifukwa pakhonde pali fumbi ndi ana a eni ake ogwiragwira zinthu. Aziimba Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndipo akatha ine ndizilipukuta, kulitsekera, kiyi n'kumanga pansonga ya mpango. Tsiku lina batani la malaya ake linakanda kumbuyo kwa gitalalo, ine ndinafuula ngati ndaona njoka.

Laisoni anasiya kuimba n'kuti, "Achemwali, kodi gitala ili munagulira ine kapena alendo?"

Ndinati, "Ndinagulira iwe, n'chifukwa chake ndikukusungira."

"Ndiye sungani," anatero.

Lamlungu lotsatira nditalibweretsa sanatambasule manja. Anati, "Bwezani, achemwali, lingade." Anatembenuzira mpando kukhoma, ndipo mbale zinayambanso kubwerera kukhitchini zili zodzaza. Ndinakwiya, Amayi, sindibisa. Ndinkagona ndikudzifunsa kuti munthu uyu akufunanso chiyani chimene sindinamupatse. Gitala linali pansi pa bedi langa, lotsekeredwa bwino, lopanda fumbi, ndipo mwiniwake ankatha thupi kunja kwa chitseko.

Ndiye unafika Okutobala. Lamulo lanu lija sindinalidumphepo chaka n'chimodzi chomwe: "Cha m'bokosi chilichonse chione dzuwa mvula isanagwe." Ndinayala mphasa pabwalo n'kutulutsa mabulangete, chipewa cha atate, nsalu zanu, mabuku anga ndi mbale zija. Ndinakumbukira mawu a Chikumbutso oti lisakhale ponyowa, ndinaganiza za chuku ndi tizilombo todya matabwa, ndipo ndinaona kuti chinthu chodula kwambiri m'nyumba ndicho choyenera kuyamba. Ndinalitulutsa m'bokosi mwake n'kuligoneka chagada pamphasa. Chakumasana ndinalitembenuza kuti kumbuyo nakonso kuone dzuwa, kenako ndinalibwezanso chagada. Dzuwa lake linali lija loti nkhuku zimangokhala kukamwa yasa pansi pa nkhokwe.

Ndinali kukhitchini pamene ndinamva kuti thwa! ngati nsungwi pamoto. Ndinathamanga ndi maondo omwewa. Thabwa lakutsogolo linali litang'aluka, kuyambira pakathabwa komangirira nsambo mpaka kumunsi. Musaseke, Amayi, koma choyamba chimene ndinachita n'kukatenga rula yanga yakusukulu n'kuyeza mng'aluwo, ngati kuti kudziwa kutalika kwake kukanaufupikitsa. Kenako ndinakhala padothi pomwepo.

Laisoni ali pakhonde anati, "Achemwali, chalira n'chiyani pabwalopo? Mwangoti zii bwanji?"

"Gitala lang'aluka."

"Lagwa?"

"Ayi. Ndinaliyanika."

"Mwaliyanika? Ngati ufa?"

"Ndi lamulo la Amayi," ndinatero, misozi ili mbwembwembwe.

Anaseka, Amayi. Anaseka mpaka kutsokomola, atagwira m'nthiti, misozi ikutuluka m'maso osaona aja. Kuseka kuja ndinakumva komaliza ali mnyamata, asanakwere basi yopita ku Joni. Atapuma anati, "Bweretsani kuno." Linali lotentha ngati chiwaya. Analondola mng'alu wonse ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, n'kuti, "La atate lija linali nayo itatu. Amayi ankaliyanika chaka chilichonse atate ali kumigodi. Mumayesa kunjenjemera kwa mawu ake kuja kunkachokera kuti?" Kodi n'zoona zimenezi, Amayi? Ine ndimakumbukira mabulangete okha.

Kenako anafunsa kuti, "Nanga alendo anu aja, adzalifunabe long'alukali?"

Ndinati, "Sadzalifuna."

"Ndiye kiyi uja mukamuponye m'chimbudzi."

Anadikira kuti lizizire, analichuna, n'kuimba pakhonde pomwepo, fumbi lilipo, m'manja osasamba. Inali nyimbo ya atate ija, ya chiyankhulo chakumigodi chimene sitinkachimva. Nsambo yaikulu tsopano imalira ndi kamawu konjenjemera ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo, ndipo liwu limazima ndikafika pa zisanu ndi zinayi. Ndinamuuza zimenezi, iye anati, "Zisanu zotsalazo mudziimbire nokha."

Chikumbutso atamva pafoni anati, "Mayi, ng'ombe ziwiri mwaziwotcha padzuwa?" Akufuna kuti litumizidwe kumzinda kwa amisiri ake akalimate, koma amalume ake akana kuti ligone kunja ngakhale tsiku limodzi. Limagona kumiyendo kwa bedi lanu lija. Lili ndi zokandika zimene ndasiya kuziwerenga, ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pambali. Azimayi ochokera kumsika wa pa Nsipe amatula madengu awo pansi pa mthethe kuti amvere, ndipo mmodzi, wamasiye wogulitsa tomato, wayamba kutibweretsera zotsala zake pafupipafupi kuposa mmene tomato amafunikira pakhomo la anthu awiri. Lamba wa Laisoni wabwerera bowo limodzi.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Maso ake sabwerera. Mapazi akutupa, ndipo pachala chachikulu pali bala limene likukana kupola, loti ndimalitsuka m'mawa uliwonse ndikupemphera. M'khola mwamera udzu, ndipo chaka chino manyowa ndilibe. Ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali. Ndatopa, Amayi, kutopa kosatha ndi tulo. Nthawi zina akamaimba ndimalakalaka atasiya kaye kuti mutu wanga upume, koma ndimakumbukira mmene pakhomo pano panalili zii, ndiye ndimangotseka chitseko cha kukhitchini.

Za mbale zija ndikuuzeninso. Tsiku la dzuwa lija pobwezera zinthu m'bokosi ndinasiya ziwiri kunja, ndipo timadyeramo. Sabata isanathe Laisoni anagunda imodzi ndi chigongono, inagwa pasimenti. Anati, "Pepani, achemwali, mlendo waswa mbale." Ndinawerama kutola zidutswa, ndinayamba kuziwerenga, ndinalekera panjira, n'kukatulutsa ina. Zatsala khumi ndi imodzi.

Dzulo wandipempha yekha kuti ndimuperekeze kumanda kwanu. Ndamuuza kuti tipita mvula isanagwe, ndikapeza wanjinga womukweza, ndipo ndikalambulako udzu. Ndamufunsa kuti akanena chiyani kumeneko, iye wati akufuna akakuuzeni ndi pakamwa pake kuti ng'ombe yanu ija inabereka gitala.

Ndikulonjeza kuti ndibwera naye. Madzi ake osamba ndipitiriza kumutenthetsera masiku onse amene Mulungu atipatse. Mabulangete anu aziona dzuwa chaka chilichonse monga munanenera, koma gitala lokha mundikhululukire, lizikhala pamthunzi, m'manja mwa mwiniwake.

Mupereke moni kwa atate.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elube