Simbi ya Makala ya Malemu Bambo

Okondedwa Amayi,

Moni wochuluka kuchokera kuno. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga bondo lija lasiya kukuvutitsani? Ine ndi adzukulu anu tili bwino, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Amayi, magetsi akweranso mtengo. Mayunitsi omwe kale ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi, pano akumathera panjira, mita n'kuyamba kulira ngati mwanapiye. Pamalo pomwe tikuchita lendi mita ndi imodzi, mabanja tonse timasonkherana. Ndiye eni nyumba anayenda khomo ndi khomo kuona zomwe aliyense amalumikiza ku magetsi. Atalowa kwanga n'kuona simbi yanga yositira, anagwira pakamwa. Akuti ndine ndikumaliza mayunitsi a anthu, choncho ndisankhe, kusiya kusita kapena kusamuka. Mayi wa khomo loyandikana nalo ali ndi filiji yomwe imangolira tsiku lonse, koma iyeyo sanamunene, paja ndi mlamu wawo.

Nanga ndisiya bwanji poti kusitira anthu zovala ndiyo ntchito ikudyetsa ana? Malaya a aphunzitsi ndi mayunifolomu a anamwino angounjikana pampando. Eni ake akabwera ndikumanama kuti mutu ukundiwawa. Aphunzitsi anena kale kuti sabata ino ikatha malaya awo ali chikhwinyatire, apeza wina wowasitira, ndipo akachoka iwo enawo atsatira.

Tsono pamwamba pa zonsezi, mng'ono wanga wanditumizira chithunzi pafoni. Nyumba yake mbee, sola ili padenga! Akuti wagula ndi mwamuna wake, wokonza njinga uja. Pansi pake n'kulembapo kuti iwo bilu saidziwa, dzuwa silikwera mtengo. Amayi, ndisakubisireni, nsanje inandigwira mpaka chakudya chinandikanika. Ine ndinachoka kumudzi kutsata magetsi, lero magetsiwo andizemba n'kupita kwa amene anatsala. Ana anga akulemba ntchito ya kusukulu mothamanga kuti kusawadere, pomwe ake akuonera kanema mpaka kutopa nayo. Ndamvanso kuti anthu akumatchajitsa mafoni kwa iye n'kumamutchula kuti abwana. Abwana! Yemwe uja ndinkamupukuta mamina ine?

Sindikumufunira zoipa ayi, ndi mwana wanu ngati ine. Koma zikundiwawa basi.

Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye pempho langa nali. Munditumizire simbi ya makala ya malemu bambo, ya katambala pamwamba ija. Ndikudziwa kuti ili kwa mng'ono wangayo, amangotsamiritsira chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Mukaitenge mwanzeru, munene kuti mukufuna kusitira nsalu yanu. Muikulunge bwino m'thumba n'kumupatsa kondakitala wa basi ya Lachisanu, amandidziwa. Chonde, Amayi, mwana wanuyo asadziwe kuti ikubwera kuno. Akangomva kuti mkulu wake wa m'tauni wabwerera ku makala, andiseka chaka chathunthu, ndipo mwamuna wake akafalitsa nkhaniyi kwa aliyense wobwera kudzapopetsa njinga.

Mupereke moni kwa amalume, azakhali, achimwene ndi alamu anga, osaiwala ana onse. Mwini sola uja mumupatse moni wapang'ono chabe.

Kalanga ine, Amayi, ndapusa! Ndafika pansi pa pepala m'pamene ndakumbukira kuti maso anu saonanso zilembo, ndipo amene amakuwerengerani makalata ndi yemweyo. Pepala lina ndilibe, mphamvu zoyambiranso ndilibenso. Ndiye iwe mng'ono wanga, wamva zonse ndi pakamwa pako pomwe. Seka, palibe kanthu. Ukamaliza kusekako, chotsa simbiyo pachitseko uikweze basi ya Lachisanu, ana a mkulu wako angagone ndi njala.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Make Mapasa